Tipatseni bwalo la dothi, liwiro lichoke pa Great East

Pakati pa Nyimba ndi Petauke pali mpikisano wa liwiro umene palibe anaulembetsa ku ofesi iliyonse, koma umachitika tsiku ndi tsiku pa mseu wa Great East. Anyamata a njinga zamoto, zimene kwathu timangoti mahonda ngakhale ikhale Boxer kapena Gatoma, amapikisana kuti afike msanga pa sitesheni basi ikaima. Wina wakweza anthu awiri ndi thumba la nshawa, helimeti ili pa chigongono. Oyendetsa timamotoka tonyamula anthu amadutsana pa makona kuti akayambe ndiwo kupeza okwera kutsogolo. Madzulo mnyamata amene wangogula honda atagulitsa thonje kapena soya amafuna kuona pamene muvi wa sipidi umathera. Wopambana mu mpikisano umenewu salandira chikho. Wolephera timakamuona ku chipatala cha Kalindawalo, ku Minga kapena ku chipatala cha Nyimba, ndipo ena timawaperekeza kumanda asanakwatire n'komwe.

Akuluakulu amati ana a masiku ano ndi osamva. Apolisi ndi a RTSA amatchinga mseu ndi kulipiritsa olakwa. Zonsezo n'zofunika, koma zaka zapita ndipo mtima wofuna liwiro sunachoke mwa achinyamata. Sudzachokanso. Ife tikuti tiupezere malo ake. Petauke ndi Nyimba zikufunika bwalo la dothi, lozungulira, lotchingidwa bwino ndiponso lokhala ndi malamulo, kumene wofuna kuthamanga akathamange, oonerera ali patali ndi ngozi. Ganizo limeneli lili ndi mbiri ya zaka zoposa 100, ndipo mbali ina ya mbiriyo ndi yathu ya kuno ku Zambia.

Zinayambira pa bwalo la alimi

Ku America kuli kamotoka ka mpikisano kotchedwa sprint car. Kali ndi mpando umodzi, kalibe zitseko, ndipo matayala ake ali poyera. Akuluakulu a mtundu umenewu lero ali ndi injini ya malita 6.7 yotulutsa mphamvu yoposa mahatchi 900, pamene kamotoka konse pamodzi ndi dalaivala sikafika makilogalamu 700. Mafuta ake ndi methanol. Kalibe sitata, choncho kuti kalire amachita kukankha ndi motoka ina, monga timachitira ndi Corolla yakufa batire. Zambiri amaziika chiphiko pamwamba, kuti mphepo izikanikiza matayala pa dothi. Tayala lakumbuyo la kumanja ndi lalikulu kuposa la kumanzere, ndipo zimenezi zimachititsa kamotokako kukhotera kumanzere kokha, poti bwalo amalizungulira mbali imodzi. Pakona dalaivala amaponya kumbuyo kwa motoka m'mbali n'kumayenda chopingasa, dothi likuuluka kumbuyo kwake.

Chimene chiyenera kutikopa ife ndi malo amene masewerawa anakulira. Mabwalo ambiri oyamba anali a mpikisano wa mahatchi pa malo a chionetsero cha zaulimi, m'timatauni ta alimi. Tengani Knoxville, tauni ya ku Iowa ya anthu osakwana 8,000, yozunguliridwa ndi minda ya chimanga. Bwalo lake la mamita 800 analimangira mahatchi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mamotoka anathamangapo koyamba mu 1901, mpikisano wa sabata ndi sabata unakhazikika mu 1954, ndipo mu 1961 anayambitsa mpikisano waukulu wa Knoxville Nationals umene umachitika mwezi wa Ogasiti. Lero bwalolo lili ndi mipando yoposa 20,000, kuposa kawiri anthu onse a m'taunimo, ndipo likadali pa malo omwewo a chionetsero cha alimi.

Ku Ohio, Earl Baltes, munthu amene ankadziwika ndi gulu loimba osati mamotoka, anakumba bwalo la Eldora kumudzi mu 1954. Linatchuka mpaka katswiri wa mpikisano Tony Stewart analigula mu 2004. Mayina akuluakulu monga A. J. Foyt ndi Mario Andretti anadutsa pa dothi lotere akukula m'masewerawa. Oyendetsa ambiri oyamba anali amakanika ndi ana a alimi, amene ankalumikiza okha mamotoka awo ndi zitsulo ndi mainjini a Ford akale. Munthu wa ku Petauke akamva zimenezi sangadabwe, chifukwa ndi mmene ifenso timakhalira ndi zitsulo.

Tisabise mbali yowawa. Zaka zoyambazo zinapha madalaivala ambiri. Ankathamanga mutu uli pamtunda, popanda chitsulo chowatchinga motoka ikagubuduzika. Khola lachitsulo lozungulira dalaivala linadzakhala lamulo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pambuyo pa maliro ochuluka. Malamba olimba, zovala zosagwira moto msanga ndi mipanda yoteteza oonerera, zonsezi anaziphunzira ndi misozi. Ife tikubwera mochedwa, ndipo ubwino wobwera mochedwa ndi wakuti malamulowo tawapeza atalembedwa kale.

Chinanso chimene anaphunzira mochedwa ndi kusunga. Mabwalo ambiri akale anafa pamene malo anakwera mtengo. Ascot Park ya ku California, limodzi mwa mabwalo a dothi otchuka kwambiri, inatsekedwa mu 1990 kuti pamalopo pachitike bizinesi ina. Mu 1992 ku Knoxville anatsegula nyumba yosungiramo mamotoka akale, zithunzi ndi mayina a madalaivala. Anaona kuti akapanda kutero, zidzukulu zidzangomva kuti kunali zinazake popanda choloza ndi chala.

Fumbi linatipatsa ngwazi

Kuno ku Africa mpikisano wa pa dothi unatenga njira ina. M'malo mozungulira bwalo, mamotoka ankadula miseu ya m'midzi ndi m'mafamu, wina akuyendetsa, mnzake akumuwerengera njira. Ndiwo masewera a rally. Safari Rally inayamba mu 1953 kum'mawa kwa Africa ndipo inadziwika kuti ndi yothyola mamotoka. Mu 1965 Joginder Singh wa ku Kenya ndi mbale wake Jaswant anapambana ndi Volvo PV544 yogwirapo kale nchito, imene anaikonza okha. Peugeot 404 ndi ma Datsun, mamotoka omwewo amene anadzaza miseu yathu m'zaka za makolo athu, anapanga dzina pa fumbi ndi matope a mpikisano umenewu.

Mpikisano wopeza ngwazi ya Africa yonse unayamba mu 1981, ndipo Zambia yalembamo dzina lake kambirimbiri. A Satwant Singh anatenga ukatswiri umenewu maulendo 8: mu 1988, 1989, 1991, 1993, 1996, 1997, 1998 ndi 2000. A Muna Singh anautenga mu 2004 ndi 2005. A Mohammed Essa anapambana mu 2012, a Jassy Singh, mwana wa a Muna, mu 2013, ndipo mu 2022 a Leroy Gomes anabweretsanso chikho, akazi awo a Urshlla ndiwo akuwawerengera njira. Mukaphatikiza ndi maulendo 13. Chaka cha 2012 tonse timachikumbukira chifukwa cha Chipolopolo ku Gabon, ndipo mwana aliyense angakutchulireni Mweene, Katongo ndi Sunzu. Funsani pa sitesheni ya Nyimba kuti ndani wa ku Zambia anakhala ngwazi ya Africa pa mamotoka chaka chomwecho, muone ngati padzapezeke wokweza dzanja.

Kusadziwa kumeneku kuli ndi chifukwa. Masewera a mamotoka m'dziko muno anakulira m'makalabu a nthawi ya atsamunda ndi m'matauni a migodi. Mabwalo akale anali ku Copperbelt, monga Garneton pafupi ndi Kitwe ndi Lawrence Allen ku Chingola. Mipikisano ikuluikulu ya rally kawirikawiri imachitikira kufupi ndi Lusaka ndi m'mafamu a ku Chisamba. Motoka ya mpikisano wa lero ndi yamtengo woti mlimi wa nshawa sangaulote. Choncho ife a kum'mawa takhala oonerera pa Facebook, ngati kuti fumbi la ku Chisamba ndi losiyana ndi la ku Mumbi.

Miseu yathu yakale ndi amene ankaidziwa

Achinyamata ambiri amaganiza kuti Great East inabadwa ndi tala. Ayi ndithu. Unali mseu wa dothi kuchokera ku Lusaka mpaka ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata. Mlatho woyamba pa Luangwa unamangidwa mu 1932, ndipo umene timadutsapo lero unatsegulidwa mu 1968. Pa mseu umenewu panayenda mabasi ndi malole a Thatcher and Hobson, pambuyo pake mabasi a UBZ. M'miseu ing'onoing'ono yolowa m'midzi munkayenda malole a NAMBOARD, a Eastern Cooperative Union ndi a Lintco, kukatenga chimanga, nshawa ndi thonje.

Anthu amene ankayendetsa zimenezi anali ndi luso limene sukulu yoyendetsa ya m'tauni siiphunzitsa. Ankadziwa kutsika mapiri a Manenekela ndi a Kacholola ndi giya, osatentha mabuleki. Ankayang'ana matope n'kudziwa ngati pansi pake pali polimba. Ankadziwa liwiro loyenera pa mseu wa mabampu otsatizana, pamene kuyenda pang'ono kumagwedeza mano ndipo kuthamangitsa kumachotsa matayala pansi. Motoka ikayamba kutsetsereka kumbuyo, ankadziwa mbali yokhotetsera chiwongolero. Luso limeneli ndi lomwelo limene dalaivala wa sprint car amagwiritsa nchito pakona, ndi lomwelo limene linapatsa a Satwant Singh zikho. Ena mwa madalaivala ndi amakanika akalewo akali moyo m'midzi ya kwa Nyamphande, kwa Ndake, kwa Luembe ndi m'makomboni a m'boma. Tikuwaika m'manda mmodzimmodzi ndi nkhani zawo.

Mseu wakale wochoka ku Petauke kudzera kwa Sandwe ndi Chilongozi mpaka ku Mfuwe ndi chitsanzo chabwino. Alendo a mamotoka a 4x4 amaufunafuna, amaujambula ndi kuulemba m'nkhani za maulendo awo. Kwa mayi amene akuthamangira kuchipatala m'nyengo ya mvula, mseu womwewo ndi masautso. Onse awiri akunena zoona. Koma taonani kuti mlendo wapezapo chinthu cha mtengo, pamene ife eni ake taphunzira kuchita nawo manyazi basi.

Komanso si kuti chidwi cha makina tilibe. Tonse tinakula tikupinda mawaya kupanga timagalimoto, matayala a zotsekera mabotolo, chiwongolero chachitali, n'kumapikisana m'njira za m'komboni mpaka amayi atiitane. Owotcherera zitsulo a pa msika wa Petauke amatenga ekisilo ya motoka yakufa n'kupanga ngolo imene idzanyamula chimanga zaka zambiri. Makanika wa pansi pa mtengo wa mango amatsitsa injini ya honda m'mawa, madzulo ikulira. Pamene tikulephera ndi pa kusunga. Land Rover, Bedford, Peugeot 404 ndi Datsun 120Y zimene zinagona kuseri kwa nyumba za agogo zikupita kwa ogula zitsulo pa sikelo, mtengo wa pa kilo. Lole imene inadyetsa mudzi wonse ikugulitsidwa ndalama yosakwana mbuzi ziwiri.

Zimene tikupempha

Choyamba ndi malo. Bwalo la mamita 400 ndi lofanana ndi njira yothamangiramo imene imazungulira bwalo la mpira. Powonjezera malo otsetserekera amene wagwa, oimika mamotoka ndi okhala oonerera, pakufunika malo okulirapo katatu kapena kanayi. Akhale patali ndi nyumba, sukulu ndi chipatala chifukwa cha phokoso ndi fumbi. Khonsolo ili ndi malo, ndipo mafumu athu, a Kalindawalo ndi a Ndake pamodzi ndi anzawo, ndiwo osunga nthaka ya makolo. Kukhala pafupi ndi malo a chionetsero cha zaulimi kungathandize, poti anthu amasonkhana kale kumeneko chaka ndi chaka. Nkhani ya malo ndi yachangu kuposa zonse. Matauni athu awiriwa akukula, mapuloti akudulidwa mbali zonse, ndipo malo opanda chikalata ndi amene amayamba kudyedwa. Ascot Park inali yotchuka koma inagonja kwa mtengo wa nthaka. Bwalo lathu lilembedwe m'mabuku a khonsolo lisanakhalepo n'komwe.

Chachiwiri ndi dothi. Bwalo labwino limafuna katondo kapena dothi la dongo logwirana, chifukwa mchenga umakumbika ndi kugwetsa njinga. Amaligalauza, kulinyowetsa ndi kulitsendereza. Kuyambira pamene ndalama ya CDF inakwera mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, makhonsolo ambiri agula magireda ndi makina ena okonzera miseu. Sitikupempha kuti achotse ndalama ya kiliniki kapena ya madesiki. Tikupempha masiku ochepa a gireda pa chaka, mafuta ake alipiridwe ndi ndalama ya pakhomo ndi amalonda ofuna kulengeza katundu wawo. Madzi ndi nkhani ina yofunika kuiganizira. Chilala cha 2024, chimene boma linachitcha tsoka la dziko lonse, chinatikumbutsa kuti kuthira madzi pa bwalo mu Okutobala zitsime zitauma ndi chipongwe. Mpikisano uzichitika kuyambira Epulo mpaka Juni, nthaka ikali ndi chinyezi, madamu ali ndi madzi, ndipo anthu ayamba kugwira ndalama ya zokolola.

Chachitatu, tiyambe ndi zimene tili nazo. Tsiku liyambe ndi ana a timagalimoto ta mawaya, kenako njinga zopalasa, anyamata ndi atsikana. Pambuyo pake mahonda, ogawidwa malinga ndi kukula kwa injini, a 125cc paokha, a 150cc paokha. Akale anati liwiro la mumchenga n'kuyambira pamodzi: makina akafanana, chopambana ndi luso la munthu osati thumba la atate ake. Mamotoka adzabwera pambuyo, tikadzakhala ndi owotcherera odziwa kupanga khola lachitsulo loyenera ndi anthu odziwa kuliyesa. Bungwe la Zambia Motor Sport Association ndilo loyang'anira masewerawa m'dziko muno, ndipo palibe chifukwa choyambira popanda iwo. Ali ndi malamulo komanso anthu odziwa kuphunzitsa oyang'anira bwalo.

Malamulo akhale ochepa ndi osapindika. Wopanda laisensi sakwera. Helimeti ikhale yeniyeni ndi yomanga lamba, pamodzi ndi nsapato zotseka, magolovesi ndi zovala zophimba thupi. Mabuleki, matayala ndi tcheni ziyesedwe m'mawa. Wonunkha mowa, kaya ndi wa m'botolo kaya kachasu, akhale pa oonerera. Ambulansi ikapanda kufika, mpikisano suyamba. Oonerera akhale kuseri kwa mtumbira wa dothi ndi mpanda, ndipo kunja kwa kona kusakhale munthu, chifukwa ndi kumene njinga yopulumuka imalowera. Lamulo lalikulu pa onse ndi ili: wogwidwa akupikisana pa tala aletsedwe pa bwalo chaka chonse. A RTSA akhale ndi tebulo lawo pomwepo, aziphunzitsa ndi kuthandiza anyamata kupeza malaisensi pafupi ndi kwawo.

Chachinayi sichifuna gireda kapena chilolezo, ndipo tingayambe sabata ino. Aliyense wa ife ali ndi foni yojambula mawu. Pitani kwa agogo amene anayendetsa basi ya UBZ kapena lole ya thonje, akuuzeni njira imene ankadutsa, kumene ankagona, ndi chimene ankachita mtsinje ukadzala. Jambulani zithunzi zawo zakale ndi malaisensi awo. Mawayilesi monga Explorers ndi PASME ku Petauke kapena Breeze FM ku Chipata angapeze pologalamu yokoma pa nkhani zimenezi. Pa tsiku la mpikisano, motoka iliyonse yakale imene ingathe kulira izungulire bwalo pang'onopang'ono, mwini wake atchulidwe dzina anthu akuwomba m'manja. Munthu amene waomberedwa m'manja chifukwa cha Peugeot yake saigulitsanso pa sikelo.

Amene akutsutsa ali ndi mfundo

Ena adzati awa ndi masewera a olemera, ndipo boma lokhala ndi midzi yopanda madzi abwino lisataye nthawi ndi zoseweretsa. Rally ya lero ndi ya olemera, n'zoona. Chifukwa chake sitikupempha rally. Njinga ndi honda zili kale m'manja mwa osauka, ndipo ndi ana a osauka amene akufa nazo. Mwendo umodzi wothyoka umadya ndalama ya thiransipoti, mankhwala ndi miyezi yosagwira nchito, ndipo banja limagulitsa ng'ombe kapena mbewu ya chaka chamawa. Kuphunzitsa mnyamata kugwira njinga ndi nkhani ya mphika wa kunyumba kwawo.

Ena adzati mukuthira mafuta pamoto, mukuphunzitsa ana kukonda liwiro. Mantha amenewa ndi omveka, ndipo makolo amene anaika mwana m'manda ali ndi ufulu wonse wowanena. Koma onani zimene ena anachita. Ku America, Wally Parks anayambitsa bungwe la NHRA mu 1951 ndi cholinga chochotsa anyamata othamangitsa mamotoka m'miseu ya anthu ndi kuwaika pa malo a malamulo. Ku South Africa, kuzunguza motoka kumene kunayambira m'makomboni a Soweto ndi BMW 325i yotchedwa gusheshe kunkaonedwa ngati khalidwe la zigawenga, koma lero ndi masewera ovomerezeka, ochitikira m'mabwalo otchingidwa. Pa bwalo ndi pamene munthu amaphunzira ndi thupi lake zimene chikwangwani cha pamseu chimalephera kumuuza. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, sekondi imodzi yoyang'ana foni ndi mamita pafupifupi 28. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira ndi mphamvu ya kugunda zimawirikiza kanayi. Wogwa pa dothi ali pa liwiro lochepa, atavala zonse, amadzuka atamva phunziro. Wogwa pa tala kutsogolo kwa lole yopita ku Mwami sapatsidwa mpata wachiwiri.

Bungwe la zaumoyo la WHO limati ngozi za pamseu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pa chaka padziko lonse, ndipo ndizo zikutsogola kupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Limatinso helimeti yovala bwino imachepetsa kuvulala kwa ubongo mpaka ndi 74 peresenti. Vuto lathu ndi lakuti mnyamata amaona helimeti ngati chinthu cha wapolisi, chovala akaona yunifomu ndi kuvula akadutsa. Tsiku limene ngwazi ya boma lonse la Nyimba idzakhala munthu wovala helimeti yomanga lamba, ana adzayamba kuifuna okha. Sitikunena kuti bwalo lidzathetsa ngozi zonse. Dalaivala wa basi woledzera, lole yoima pakona popanda chizindikiro ndi ng'ombe zodutsa usiku zidzafunabe apolisi ndi makhoti. Bwalo likhudza gulu limodzi, la achinyamata othamanga chifukwa chofuna kuonedwa, ndipo gulu limenelo ndi lathu.

Enanso adzati ife tikulirira tala, inu mukutamanda fumbi. Tala tikuifuna tonse. Pamene Great East inakonzedwanso kuchoka pa mlatho wa Luangwa mpaka ku Mwami ndi thandizo la European Union ndi African Development Bank, ulendo unafupika ndipo malonda anayenda. Miseu ya kwa Mwape, ku Ukwimi ndi kwa Nyalugwe iyenera kukonzedwa kuti wodwala ndi thumba la feteleza zifike nthawi yake. Koma mseu wosalala umakopanso phazi kuponda kwambiri, ndipo umadutsa pakati pa misika, masukulu ndi amayi ogulitsa nthochi m'mbali mwa mseu ku Nyimba. Pamene mseu ukukoma, m'pamene liwiro lamasewera likufunika nyumba ina. Ndiponso tisapikisane m'miseu ya m'midzi mmene mumayenda ngolo ndi ana a sukulu. Fumbi la masewera likhale mkati mwa mpanda.

Za phindu tisalonjeze zambiri. Bwalo la dothi silidzalemba nchito anthu masauzande. Koma masiku atatu kapena anayi pa chaka, ogona alendo adzadzaza zipinda, amayi a nsima ndi nkhuku adzagulitsa, nthochi zidzatha, ndipo makanika amene njinga yake yapambana adzapeza makasitomala chaka chonse. Nyimba ili pa mseu waukulu pakati pa Lusaka ndi Chipata, Petauke ili pafupi ndi Sinda ndi Katete, ndipo anthu a ku Malawi ndi Mozambique sali kutali. Mpikisano wosinthana, chaka chino ku Petauke, chamawa ku Nyimba, ungadzutse mkangano wabwino wa pachibale umene mpira umadzutsa kale. Atsikana nawo apatsidwe malo awo pa mzere woyambira. A Urshlla Gomes anaonetsa kale kuti mkazi wa ku Zambia angathe kukhala m'motoka ya ngwazi ya Africa.

Ndani ayambe? Anyamata a mahonda ali ndi magulu awo pa masitesheni, okhala ndi atcheyamani ndi ndalama ya maliro. Gulu lotha kusonkhetsa ya bokosi lingathenso kusonkhetsa ya mahelimeti ndi kulemba kalata. Kalatayo ipite kwa khansala, ku komiti ya chitukuko ya wodi, kwa mlembi wa khonsolo ndi ku nyumba ya mfumu, yopempha chinthu chimodzi chomveka: malo olembedwa kuti ndi a masewera. Ife amene tili ku Lusaka, ku Chipata kapena ku Copperbelt koma mchombo unagwera kum'mawa, tingagogode pa khomo la Zambia Motor Sport Association ndi kufunsa zimene zimafunika kuti bwalo livomerezedwe. Mutu umodzi susenza denga, koma denga limeneli ndi lopepuka: malo, gireda, matayala akale ndi anthu okana kupinda lamulo. Mvula ikubwerayi ikamadzatha, malowo akhale atapezeka.